Denga la Wapaulendo: Lona ndi Thumba M'malo mwa Tenti (Gawo Lachitatu)

Gawo lapitalo lidakamba za nsapato ndi kamba wa munthu woyenda pansi m'mapiri. Lero nkhani yafika pa denga, pakuti ulendo wa masiku ambiri uli ndi usiku wake, ndipo usiku wa kuphiri suyang'ana nkhope. Pa zaka makumi atatu zapitazi, anthu oyenda maulendo ataliatali ku America ndi ku Ulaya akhala akusiya tenti kunyumba, nkumasenza m'malo mwake kansalu ka lona ndi kathumba kotchinga mvula kamene eni ake amakatcha bivy. Popeza zithunzi za mchitidwewu zikuyenda pa mafoni, sudzachedwa kukopa achinyamata amene ayamba kukonda kukwera Mulanje, Zomba ndi Nyika. Tsamba lino likuona kuti mchitidwewu ndi wanzeru ndithu, koma nzeru yake ili ndi malire amene ogulitsa katundu sakonda kuwatchula.

Wowerenga asaganize za chilona chija cholemera chofunditsira matumba a chimanga pa lole. Lona la apaulendowa ndi nsalu yopyapyala ya nayiloni, yopakidwa mankhwala kuti madzi asalowe, pafupifupi mamita atatu mulitali ndi awiri kapena kuposerapo pang'ono mulifupi. Lilibe zitsulo, lilibe chitseko, lilibenso pansi pake. Munthu amalimangirira ndi zingwe pakati pa mitengo iwiri, kapena kuliimika pa ndodo zimene amayendera masana, nakhomera ngodya zake pansi ndi zichiri. Ambiri mwa malonawa amalemera magalamu 200 mpaka 400. Bivy ndi thumba lalitali ngati msinkhu wa munthu, ndipo mwiniwake amalowamo pamodzi ndi chofunda chake ndi kamphasa kake, nkusiya kampata kopumira pankhope. Ziwirizi pamodzi sizifika kilogalamu imodzi kawirikawiri, pamene tenti wamba ya anthu awiri imalemera makilogalamu awiri kapena atatu.

Mmalawi sangadabwe kwenikweni ndi nzeru imeneyi. Asodzi, alenje ndi olondera mbewu kumunda adaudziwa msasa kuyambira kalekale: kadenga kopendekeka, kofulatira mphepo, komangidwa dzuwa lisanalowe. Kusiyana kwake nkwakuti msasa umatsala pomwepo, pamene lona limapindidwa m'mawa nkulowa m'chikwama.

Amene amanena za mchitidwewu salephera kutchula dzina la gogo wina wa ku Ohio, Emma Gatewood. Ku America kuli njira ya oyenda pansi yotchedwa Appalachian Trail, imene idatha kulambulidwa mu 1937. Njirayi imatsata mapiri kuchokera ku Georgia mpaka ku Maine, mtunda wa makilomita pafupifupi 3,500, ndipo imadutsa zigawo 14 za dzikolo. Mu 1955 mayi ameneyu, amene adabereka ana 11 ndipo adali ndi zaka 67, adaiyenda yonse yekhayekha m'masiku 146. Adavala nsapato za nsalu za Keds. Katundu wake adali m'thumba losoka yekha lokoleka paphewa limodzi: bulangete la asilikali, jasi la mvula, ndi katani ya pulasitiki yotchingira posambira, imene idali denga lake mvula ikagwa. Tenti adalibe. Usiku wozizira ankaunjika masamba ouma kapena kutenthetsa miyala pamoto kuti agonepo. Adabwerezanso ulendowo mu 1957, ndipo pofika 1964 adali ataimaliza njirayo kachitatu, ulendo womalizawu akuyenda chigawo chigawo.

Nkhaniyi imakoma kuisimba, ndipo ambiri amaisiyira pomwepo. Koma ili ndi mbali zina ziwiri zofunika kuzimva. Chaka cha 1954 mayi yemweyu adayamba wayesa kuchokera ku Maine, ndipo patangopita masiku ochepa adasokera m'nkhalango, magalasi ake a maso adasweka, oyang'anira nkhalango nkumuuza kuti abwerere kwawo. Chimene chidasintha pakati pa 1954 ndi 1955 chidali kudziwa kwake.  Chachiwiri, njira ya Appalachian ili ndi tinyumba togonamo ta makoma atatu, lero toposa 250, ndipo gogoyo ankagogodanso pamakomo a anthu okhala m'mphepete mwa njira kupempha malo. Katani ya pulasitiki idali ndi anzake oithandiza. Mayi wokulira pamunda, wodziwa zipatso ndi masamba odyedwa a m'tchire, adali ndi chuma chambiri m'mutu chimene sichikadaoneka pa sikelo.

Munthu amene adasandutsa kupepuka kwa katundu kukhala chiphunzitso ndi Ray Jardine, injiniya wa za ndege ndiponso katswiri wokwera matanthwe. Iye ndi mkazi wake Jenny adayenda kangapo njira ina yaitali, Pacific Crest Trail, yochokera kumalire a Mexico kufika kumalire a Canada, makilomita oposa 4,200. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 adalemba buku lotchedwa The PCT Hiker's Handbook, ndipo maganizo ake adali osavuta kuwatsata. Katundu akapepuka, munthu amayenda mtunda wautali pa tsiku popanda kuthamanga. Akayenda mtunda wautali, masiku a pakati pa malo ogulira chakudya amachepa, choncho kamba wosenza amachepanso, katundu nkupepukirapo. Nsapato zolemera zimasanduka zosafunika, chikwama cha zitsulo chimodzimodzi. Banjali linkasoka lokha malona, zofunda ndi zikwama zake. Kuchokera pamenepo padabuka muyeso umene oyenda m'mapiri akugwiritsabe ntchito: katundu yense, kupatula chakudya, madzi ndi mafuta ophikira, asapitirire mapaundi khumi, amene ndi makilogalamu anayi ndi theka.

Palibe chifukwa chonyozera masamu amenewa. Amati woyenda njira ya Appalachian amaponda mapazi pafupifupi mamiliyoni asanu, ndipo kilogalamu imodzi yosenzedwa pa phazi lililonse mwa amenewa imamveka m'mawondo ndi m'chiuno. Anthu okalamba amene akadaleka kuyenda m'mapiri akuyendabe chifukwa cha katundu wopepuka. Lona lilinso ndi ubwino umene tenti ilibe. Mphepo imadutsa pansi pake, kotero mpweya wa munthu wogona suundana kwambiri padenga nkumamdonthera. Wofika mvula ikugwa amayamba wamanga denga, kenaka nkumasula katundu wake pouma. Ndipo wogona pansi pa lona amaona nyenyezi, amamva mphepo ikatembenuka, amadziwa za mitambo isanamfikire. Wa mu tenti amadzidzimuka zonse zitachitika kale.

Koma walira mvula walira matope. Tenti imakhululukira munthu wosadziwa. Akaimanga molakwika pang'ono, makoma ndi pansi pake zimamtetezabe. Lona silikhululuka. Zonse zimene makoma akadachita, mwiniwake ayenera kuzichita ndi maso ake posankha malo. Malo osalala okongola a m'mphepete mwa mtsinje ndiwo oipitsitsa, chifukwa mpweya wozizira ndi wolemera ndipo usiku umatsikira m'zigwa, kumene mame ndi nkhungu zimasonkhana. Pamwamba penipeni pa chitunda mphepo imazula zichiri. Malo abwino ali pakatikati, pokwererapo pang'ono, pansi pa mitengo yamoyo yopanda nthambi zouma zimene zingagwe, panthaka imene madzi angapatuke m'malo modikha. Mbali yoyang'ana kumphepo imakhomeredwa pansi penipeni, khomo nkuloza kwina. Mphepo ikasintha pakati pa usiku, munthu ayenera kudzuka, kutuluka m'mvula nkumanganso, ndi zala zozizira, mfundo zimene adaziphunzira masana. Nayiloni ikanyowa imatamuka nkulendewera, choncho zingwe zimafuna kukungidwanso asanagone.

Apa ndipo pamalowera bivy. Mvula yowombedwa ndi mphepo imalowa chammbali, ndipo madontho ogwa kuchokera kumphepete kwa lona amathovukira mkati. Thumbali limateteza chofunda ku zimenezi ndiponso kuonjezera kufunda pang'ono. Vuto lake limachokera mkati. Thupi la munthu limatulutsa nthunzi usiku wonse, ndipo nthunziyo ikakumana ndi nsalu yozizira imasanduka madzi. Mu 1969 Bob Gore adatulukira nsalu imene pambuyo pake idatchedwa Gore-Tex, ya timabowo tating'onoting'ono toti dontho la madzi silingalowe koma nthunzi ingathe kutuluka. Nsaluyi idathandiza, koma siidathetse vutolo, makamaka kunja kukakhala chinyezi chambiri. Wopumira mkati mwa thumba amadzuka chofunda chili chonyowa ngakhale mvula isanagwe. Zofunda zopepuka kwambiri zimakhala za nthenga za atsekwe kapena abakha, ndipo nthenga zikanyowa zimamatana nkuleka kufunda. Usiku umodzi munthu apirira. Mvula ikagwa masiku atatu osapatsa mpata woyanika, usiku wachitatu umakhala wa ngozi.

Ngoziyo iyenera kutchulidwa poyera, chifukwa anthu a m'maiko otentha saiopa mokwanira. Thupi la munthu limafunda madigiri 37. Likatsika kupyola 35, matenda a kuzizira ayamba. Sipafunika chipale kuti zimenezi zichitike. Zovala zonyowa, mphepo ndi njala zikakumana, nzokwanira. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kuposa mpweya kokwana ka 25, ndipo nthaka yozizira imayamwa kutentha kwa munthu wogonapo popanda kamphasa. Wodwalayo amanjenjemera, amapunthwa, lilime limalemera ngati la woledzera, kenaka kunjenjemera kumaleka ndipo tulo timamgwira. Choopsa nchakuti chisanu chimayamba kuba nzeru. Munthu amene chitetezo chake chonse chagona pa luso la kusankha malo ndi kumanga mfundo amataya luso lomwelo pa ola limene akulifunitsitsa. Nchifukwa chake odziwa amamanga lona asanatope, dzuwa likadalipo, ngakhale miyendo ikufunabe kupitirira.

Mawu akuti bivy ndi chidule cha bivouac, mawu a Chifalansa onena za kugona panja popanda tenti, ndipo mbiri yake kwa okwera mapiri ndi ya masautso. Mu July 1953 Hermann Buhl, atafika yekha pamwamba pa Nanga Parbat, mdima udamgwera potsika ndipo adachezera usiku wonse ali chiimire pa kamwala, pamtunda wa mamita pafupifupi 8,000. Adapulumuka koma adataya zala ziwiri za kuphazi. Mu September 1975 Doug Scott ndi Dougal Haston adagona m'dzenje lokumba m'chipale pafupi ndi nsonga ya Everest, opanda zofunda. Anthu amenewa sadagone choncho pofuna kusangalala. Thumba la bivy lidapangidwa kuti usiku wotere ukagwa, munthu akaone m'mawa.

Palinso nkhani ya tizilombo, imene imasiyana dziko ndi dziko. Kumapiri a California udzudzu umavuta kumayambiriro kwa chilimwe chawo, koma umangoluma nkusowetsa tulo. Kum'mawa kwa America oyenda amaopa nkhupakupa zopatsa matenda a Lyme. Wotengera chithunzi cha lona lopanda neti kuchokera kumeneko nkukagona nalo m'mphepete mwa nyanja ya Malawi kapena kuchigwa cha Shire akudziitanira malungo, pakuti udzudzu wopatsa malungo umaluma usiku, nthawi yomwe iye wagona. Kumalo otere neti ndi mbali ya denga, ndipo ikaonjezedwa, kulemera kwa zonse kumayandikira kwa tenti yaing'ono. Wodziwa linthumbu amvetsanso chifukwa chake thumba lotsekeka bwino nlofunika m'nkhalango za chinyezi.

Chodabwitsa china ndi mtengo. Mchitidwe umene udayamba ndi katani ya gogo ndi makina osokera a banja limodzi lero ndi msika waukulu. Nsalu yopepuka koposa, imene poyamba inkatchedwa Cuben Fiber ndipo tsopano imadziwika ndi dzina la Dyneema, idapangidwira matanga a ngalawa za mpikisano wa America's Cup wa 1992. Siyamwa madzi, sitamuka, koma kalona kake kamodzi kamagulidwa madola mazana angapo. Ena amalipira ndalama zimenezi kuti achotse magalamu 100, kulemera kwa madzi osadzaza kapu. Andrew Skurka, mmodzi mwa akatswiri oyenda maulendo aatali ku America, adachenjeza mu 2012 za kupepuka kwa uchitsiru: kusiya chinthu chofunika pofuna kukondweretsa sikelo, kenaka nkuzunzika kapena kudalira katundu wa anzako. Chenjezo limeneli lidachokera mkati mwa gulu lomwelo, ndipo nloyenera kulimvera. Wophunzira amene alibe madola asadandaule. Nayiloni wamba, ngakhale pepala lolimba la pulasitiki logula pamsika, limatchinga mvula yomweyo, bola mfundo zikhale zolimba.

Ku America komweko kuli malo amene lona limagonja. Njira ya Appalachian imadutsa pa Mount Washington, ku New Hampshire, phiri lotalika mamita 1,917 okha, pamene mu April 1934 adayezapo mphepo yothamanga makilomita 372 pa ola. Pamwamba pake palibe mitengo, ndipo anthu oposa 150 afera m'mapiri amenewo kuyambira zaka za m'ma 1800, ena mwa iwo ndi chisanu m'miyezi yofunda. Malamulo a nkhalangoyo amaletsa kugona pamwamba pa malire a mitengo nthawi imene kulibe chipale chokwanira, ndipo oyenda amatsikira kumalo oikidwa.

Tsono wowerenga ayerekeze phiri limenelo ndi Mulanje. Chidikha cha pamwamba pa Mulanje chili pamtunda wa mamita pafupifupi 2,000, ndipo nsonga ya Sapitwa imafika mamita 3,002. Mpweya umazizirirapo madigiri asanu ndi limodzi kapena kuposerapo pa mamita 1,000 aliwonse amene munthu akwera, kotero wonyamuka ku Likhubula ali thukuta kamukamu angathe kupeza madzi ataundana pa udzu m'mawa wa June kapena July. Chiperoni, nkhungu ya mvula yowaza yochokera kumbali ya Mozambique, chimatha kuphimba phirilo masiku angapo, munthu osaona ngakhale mwala uli patsogolo pake. Chinyezi chotere ndicho chimagonjetsa thumba la bivy, ndipo panjira ya ku Sapitwa pali matanthwe okhaokha, posalowa chichiri. Mitsinje imadzaza m'kanthawi kochepa. Mu 1949 woyang'anira nkhalango wina adakokoloka powoloka mtsinje wosefukira paphiripo, nkhani imene Laurens van der Post adaisimba m'buku lake la 1952, Venture to the Interior. Mu 2003 mayi wina wa ku Netherlands adasowa akukwera Sapitwa yekha. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil adasiya womperekeza kumunsi, nakwera yekha ndi zovala zopepuka. Nyengo idasintha, ndipo thupi lake lidapezeka patapita masabata oposa awiri. Chidamupha ndi chisanu.

Mnyamata ameneyu adali ndi katundu wopepuka kuposa wa Jardine, koma adalibe denga la mtundu uliwonse. Palibe angalumbire kuti thumba la magalamu 300 likadampulumutsa. Chodziwika nchakuti munthu wosokera m'nkhungu amene ali ndi polowa, pouma ndi potchinga mphepo, amakhala ndi chifukwa chokhalira pamalo amodzi kudikira kuti kuyere, m'malo moyendayenda pamatanthwe oterera. Pamenepa ndi pamene bivy ili ndi ntchito yeniyeni pa Mulanje. Phirili lili ndi nyumba zogonamo alendo pafupifupi khumi, monga Chambe, Lichenya, Thuchila, Chisepo, Sombani ndi Madzeka, zotalikirana ulendo wa maola ochepa, zokhala ndi alonda ndi malo osonkhapo moto. Woyenda pa Mulanje ali kale ndi mwayi umene Emma Gatewood adali nawo, wosasenza tenti. Agone m'nyumba zimenezi. Koma aliyense wochoka pa Chisepo m'mawa kulunjika ku Sapitwa, ngakhale kumwamba kuli mbee, ayenera kukhala ndi thumba lotere kapena kalona pansi pa chikwama chake, pamodzi ndi juzi, tochi ndi chakudya chapadera. Magulu a achinyamata, masukulu ndi mipingo yokonza maulendo otere angachite bwino kuliyesa lamulo lawo.

Kupepuka kwa katundu kusakhalenso chifukwa chosiyira operekeza. Mlendo wa chikwama chaching'ono angaganize kuti safunanso munthu womthandiza, koma amuna a m'midzi ya m'tsinde mwa phiri amanyamula zambiri kuposa katundu: amadziwa mtsinje umene suwolokeka mvula ikagwa, ndiponso mtambo umene ukutanthauza kubwerera. Safunsa adadya phula. Ndipo woperekezayo naye ali ndi thupi lomva chisanu. Mlendo amene wadzigulira thumba la madola ambiri ayenera kufunsa asananyamuke kuti mnzakeyo akalowa kuti nkhungu ikawatsekera pamodzi.

Phiri nalonso lili ndi mlandu wake. Wogona pansi pa lona amakopeka kugona paliponse, kudula mitengo ya mizati ndi kusonkha moto kuti afunde. Mulanje ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927, ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO lidaliika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse. Mkungudza wa Mulanje, mtengo wa fuko la Malawi, watsala pang'ono kutheratu chifukwa cha odula matabwa ndi moto wolusa, ndipo mbande zimene zikubzalidwanso sizingapirire moto wa munthu mmodzi wosasamala m'mwezi wa September udzu utauma. Wonyamula lona anyamulenso ndodo zake ndi chophikira chake.

Wofuna kuphunzira ayambire pabwalo la kwawo. Amange lonalo masana kufikira manja atazolowera, kenaka alimange mumdima, kenaka adikire mvula ya January agonemo usiku wonse, khomo la nyumba lili pafupi. M'mawa akhudze chofunda chake kumapazi ndi kumutu, aone mbali imene madzi adalowera, ndipo asinthe kamangidwe kake usiku wotsatira.

Gawo lachinayi lidzakamba za madzi akumwa paulendo.